Lipoti la ulendo wathu wokaphunzira kukonza ubweya wa tiagalu ta spaniel

Mamembala a gulu lathu la oweta agalu a zionetsero tinapita kukacheza kwa mayi wina amene wakhala akuweta ndi kuonetsa agalu a mtundu wa English Cocker Spaniel kwa zaka zambiri. Nkhani imene tinapitira inali imodzi, ndipo yakhala ikuvuta m'misonkhano yathu: kagalu kakafika miyezi 5 kapena 6 nkuyamba kuoneka nyankhalala, ubweya uli yakaliyakali pamutu ndi pamsana, mwini wake achite chiyani kuti kadzalowe m'bwalo kali bwino? Lipotili ndi la amene sanathe kupita nawo.

Mayiwa anatiikira tiagalu titatu patebulo motsatizana: ka miyezi 3, kakuda ka miyezi 7, ndi ka mawangamawanga ka miyezi 8. Asanagwire chipeso anayamba atikumbutsa zimene woweruza amafuna. Muyezo wa mtunduwu wolembedwa ndi The Kennel Club, bungwe loyang'anira mitundu ya agalu ndi zionetsero ku Britain, umati ubweya ukhale wogona, wofewa ndi wosalala, osati wokhakhala, wopindikapindika kapena wopotana, komanso usachulukitse. Ubweya wautali wolendewera umafunika m'miyendo yakutsogolo, kunsi kwa thupi, ndi m'miyendo yakumbuyo pamwamba pa mfundo ya chidendene. Kagalu kamaloledwa kupikisana kakakwana miyezi 6. Gulu la Minor Puppy ndi la miyezi 6 mpaka 9, ndipo la Puppy limafika miyezi 12. Vuto lili pamenepa: nthawi yoyamba kuonetsa ndi yomwenso ubweya wa ukhanda umakhala uli pachimake.

Kagalu ka miyezi 3 sikanametedwe kalikonse kupatula kumapazi. Ntchito ya msinkhu umenewu ndi kukazoloweretsa tebulo. Patebulo pamayalidwa mphira wosaterereka, chifukwa kagalu kakaterereka kamodzi kamayamba kuopa ndipo kamadzakhala kakunjenjemera pamaso pa woweruza. Mphindi zisanu zimakwana, tsiku lililonse kapena kudumphitsa tsiku limodzi. Mumakaimika, kukapesa ndi bulashi yofewa, kugwira phazi lililonse, kutukula makutu, ndi kutsegula milomo ngati mmene woweruza amaonera mano. Sizasi muziiliza pafupi ndi khutu popanda kudula kanthu, chowumitsira ubweya muzichiyatsa chili patali. Dzanja limodzi lisachoke pa kagalu, chifukwa kakadumpha patebulo kangathe kuthyoka mwendo.

Pamene tinakhalitsa ndi pa tiagalu tiwiri tatikuluto.

Ubweya wa ukhanda ndi uja wofuwirira, wosawala, woimirira ngati thonje pamwamba pa ubweya weniweni umene ukumera pansi. Pa kagalu kakuda umaoneka wofiirira. Ubweya umenewu sumetedwa, umazulidwa ndi zala, ndipo umazulidwa pokhapokha ukakhwima. Mayiwa anatipatsa aliyense mpata woyesa: kutsina tiubweya tochepa kwambiri kunsonga ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, nkukoka motsatira mmene ubweya wagonera, kwinaku dzanja lina litakunga khungu kutsogolo kwa pamene mukuzulapo. Pa ka mawangamawanga kaja ubweya unkangosololoka, kagalu kali phee, mchira ukugwedezeka. Pa kakuda unkatuluka pamutu ndi m'mapewa, koma m'nthiti unkakana. Mmodzi wa ife atayesa kulimbikira, mayiwa anamugwira dzanja. "Achimwene, pamenepo pasiyeni. Ukakana ndiye kuti sunapse. Mudzabwererepo pakatha sabata ziwiri." Kukoka ubweya wosakhwima kumapweteka, kumasiya zigamba za dazi, ndipo kagalu kamadana ndi tebulo kuyambira pomwepo.

Nthawi yokhwimira imasiyana. Tambiri timayamba kutaya ubweyawu pakati pa miyezi 6 ndi 9, koma topanda mawanga, makamaka takuda ndi tofiira, kawirikawiri timakhala ndi ubweya wochindikala ndipo tingathe kuchedwa mpaka kupyola chaka. Woweruza wodziwa mtunduwu sadabwa kuona kaubweya ka ukhanda m'nthiti mwa kagalu ka miyezi 7. Chimene chimaoneka msanga ndi msana wometedwa.

Chifukwa chake nchosavuta kumva. Mukazula, ubweya wakufa umachoka ndi muzu womwe, ndipo wonyezimira wapansi umapeza mpata wogona bwino. Mukameta ndi makina, mumadula wakufa ndi wamoyo mofanana, wakufawo nkutsalira pakhungu. Ubweya wofewa wamkati umabwera poyera, ndipo pomera umakhala wochuluka, wopotana, wosawala, mtundu wake nkuzilala. Tinaonetsedwa galu wamkulu wa pabanja lina amene amabwera kudzametedwa ndi makina: msana wake unali mafundemafunde, wofiirira pomwe anabadwa wakuda bii. Kwa galu wongosunga pakhomo palibe cholakwika, kumeta kumapeputsa ntchito. Koma wa chionetsero akametedwa msana, kubwezeretsa ubweya kumatenga miyezi yambiri, ndipo nthawi zina subwereranso mmene unalili. Kuthena galu kapena kumutseketsa kubereka nakonso kumasintha ubweya wa spaniel kukhala wambiri ndi wovuta kuzula.

Zida zozulira nzochepa. Zala zimaterereka, ndiye mumavala golovesi ya mphira, kapena timphira tovala kunsonga kwa zala. Ena amawaza ufa wa choko pang'ono kuti ubweya ugwirike, koma chokocho chiyenera kutsukidwa chonse, chifukwa malamulo a zionetsero salola kuti muubweya mukhale chinthu chosintha mtundu kapena kakhalidwe kake. Chida chimene chinatisangalatsa ndi chipeso cha mano oyandikana, monga Spratts 76, chimene anachiluka ndi kamphira komangira ndalama, kulowetsa ndi kutulutsa pakati pa mano mpaka kumapeto. Chipesocho mumachigoneka pafupifupi chafulati pamsana nkukokera kumchira, ndipo kamphirako kamakola ubweya wakufa wokha. Mipeni yozulira ndi zipeso zokhala ndi timipeni monga Coat King mayiwa sazifuna pamsana wa kagalu, ati zikakhala zakuthwa zimadula m'malo mozula. Musasambitse kagalu musanazule. Ubweya wakuda pang'ono umagwirika bwino, wosambitsidwa kumene umapulumuka m'zala.

Ndondomeko yake imayambira pamutu, kuti chigaza chioneke chosalala, kenako khosi, mapewa, msana mpaka pamchira, ndi kunja kwa ntchafu. Pakhosi ndi mapewa ndi pofunika kudekha, chifukwa ubweya ukaunjikana pamenepo khosi limaoneka lalifupi ndipo mapewa amaoneka olemera, ngakhale mafupa a galu ali bwino. Mphindi 10 kapena 15 pa nthawi imodzi, kawiri kapena katatu pa sabata, zimaposa kukakamiza kagalu maola awiri dzulo la chionetsero.

Sizasi ili ndi malo ake. Yopatulira, ija ya mano mbali imodzi, imagwira ntchito pa gawo limodzi mwa magawo atatu a khutu kumtunda kwake, m'masaya, ndi pakhosi kuchokera pansi pa chibwano kufika pamwamba pa fupa la chifuwa. Mumailowetsa pansi pa ubweya motsatira mmene wamerera, kudula kamodzi kapena kawiri, kupesa, nkuyang'ana musanadulenso. Mukaipingasa, kapena mukadula katatu kanayi malo amodzi osapesa, pamatsala timizere tooneka ngati masitepe, ndipo pa galu wakuda sitibisika. Khutu likapepuka kumtunda limagona bwino ndipo limaoneka kuti lamera m'munsi, molingana ndi diso, monga muyezo ufunira. Ubweya wa pansi pa fupa la chifuwa usadulidwe.

Apa panali kusiyana maganizo. Ena mwa ife amameta pakhosi ndi pamwamba pa makutu ndi makina a mpeni wa nambala 10, monga amachitira ambiri ku America, makamaka pa American Cocker. Mayiwa sanatsutse kuti makina amafulumira, koma anati pamene makina alekezera pamatsala mzere umene uyenerabe kufafanizidwa ndi sizasi yopatulira, ndiponso kumeta mosemphana ndi ubweya pa khungu lanthete kumabweretsa zidzolo. Amene akufuna makina amete patatsala sabata imodzi, kuti ubweya umereko pang'ono.

Mapazi a cocker amayenera kukhala obulungira ngati a mphaka. Yambani ndi zikhadabo: dulani nsonga yokha sabata iliyonse, ufa woletsa magazi uli pafupi, popeza m'chikhadabo chakuda mtsempha suoneka. Kenako tukulani phazi, dulani ubweya wapansi kuti ulingane ndi zikhatho, osakumba mkati. Galu ataima, pesani ubweya wa pakati pa zala kuukweza m'mwamba, muupatule, ndipo pomaliza zungulirani phazi ndi sizasi wamba. Mukalowetsa sizasi pakati pa zala, zalazo zimaoneka zotayana. Kumbuyo, kuchokera pa mfundo ya chidendene kutsika pansi, ubweya umafupikitsidwa. Mchira umapatulidwa kunsi kwake.

Ubweya wautali wa kagalu umakhala usanakule, kotero ntchito ndi kuusunga. Umamangana kuseri kwa makutu, m'khwapa ndi pakati pa ntchafu. Musaupese uli gwaa wouma, uwazeni madzi pang'ono osakaniza ndi mankhwala ofewetsera ubweya, chifukwa wouma umathothoka. Mfundo ya ubweya muimasule ndi zala kuyambira kunsonga, mutaigwira patsinde kuti khungu lisakokeke. Mfundo ikanyowa m'bafa isanamasulidwe imalimba kwambiri. Kagalu kakachokera m'udzu, fufuzani njere pakati pa zala ndi m'makutu, zimaboola khungu. Pa chakudya, makutu avekedwe kansalu kowakokera kumbuyo kapena mbale ikhale yopapatiza kukamwa. Kupanda kutero nsonga za makutu zimaviikidwa m'chakudya, kagalu kapena anzake nkumazitafuna. Mkati mwa khutu, ubweya wozungulira bowo ufupikitsidwe kuti mpweya uzilowa. Fungo, kufiira kapena kupukusa mutu pafupipafupi ndi nkhani ya dokotala wa ziweto.

Tinamaliza ndi kusambitsa ka mawangamawanga kaja. Madzi ofunda pang'ono, shampu ya agalu yosungunula m'madzi monga botolo lanenera, ndipo anaisisita motsatira ubweya, osatikita mozungulira. Kutsukuluza kunatenga nthawi yoposa kusambitsako, chifukwa shampu yotsalira imayabwitsa ndi kubweretsa mfundu imene imaoneka mbee pamsana wakuda. Mankhwala ofewetsera anapaka m'makutu ndi muubweya wautali mokha. Thaulo ndi lofinyira, osati lopukutira mwamphamvu. Chowumitsira chinali pa kutentha kochepa, mpweya ukulowera kumchira, bulashi ikutsatira. Msana utatsala pang'ono kuuma, anaupesa nkuufunditsa thaulo louma, lomangidwa pansi pa khosi ndi pamimba ndi mapini akuluakulu otseka, kuti uumire pomwepo uli chigonere. Kagalu kovala thaulo kasasiyidwe kokha, ndipo kukatentha kavulidwe msanga. Kusamba kwa chionetsero kuchitike dzulo lake kapena dzana, malinga ndi galu: wa ubweya wouluka amafuna tsiku lowonjezera kuti ugone.

Pobwerera tinagwirizana kuti pa msonkhano wotsatira aliyense wokhala ndi kagalu ka miyezi 4 mpaka 10 abwere nako pamodzi ndi chipeso chake, kasanasambitsidwe, kuti tione limodzi pamene ubweya wapsa ndi pamene uyenera kudikira.