Bwalo la sukulu: chilolezo chiyambe, makina adikire

Sabata ino makina ofufuzira zitsulo ali pakona, mabatire tachotsa, koyilo (kambale kakunsonga kamene kamamva chitsulo m'nthaka) tapukuta. Malo otsatira pa ndandanda yathu ya malo okafufuza ndi bwalo la sukulu, ndipo ntchito ya malo otere imayambira pa pepala.

Chokopa cha mabwalo a sukulu aliyense wogwira makina ofufuzira zitsulo amachidziwa. Ana mazanamazana athamangapo zaka zambiri, matumba awo ali obowoka. Pansi pa mitengo yamthunzi, kuseri kwa magolo, ndi m'mbali mwa bwalo momwe makolo amaima pa tsiku la masewero, mumagona ndalama zachitsulo, makiyi, mabaji, mwina ndi mphete. Zambiri mwa izi sizipitirira masentimita 10 kuya kwake, choncho ngakhale makina otsika mtengo amazimva.

Apa mpomwe ambiri amapunthwa: amati sukulu ya boma ndi ya tonse. Kumangidwa ndi ndalama za msonkho sikusandutsa bwalo kukhala malo oti aliyense akumbepo. Geti lotsekula si chilolezo. Kusowa kwa chikwangwani choletsa si chilolezo. Ndipo mawu a mlonda akuti "palibe vuto, ingolowani" amatha mphamvu akangosinthana ndi mnzake wa usiku. Amene walowa chonchi akhoza kuimbidwa mlandu wolowa pamalo a eni, ndipo akakumba, wowononga katundu.

Funso loyamba ndi lakuti nthakayo ndi ya yani. Mphunzitsi wamkulu amayendetsa sukulu, koma kawirikawiri si mwini malo. Ku United States mabwalo a sukulu za boma amakhala m'manja mwa school district, ofesi yoyang'anira sukulu za m'dera, ndipo ma district ena ali ndi lamulo lawolawo lolembedwa pa nkhani ya kukumba. Ku England malo akhoza kukhala a khonsolo, a mpingo, kapena oyang'aniridwa ndi academy trust, bungwe loyendetsa sukulu. Njira yachidule ndi kufunsa ku ofesi ya sukulu mosapita m'mbali: "Kodi ndinu amene mungavomereze kuti ndikumbe, kapena pali ofesi ina yoti ndilembere?" Funso limeneli limapulumutsa masabata, chifukwa kalata yopita ku desiki yolakwika imangokhala mu fayilo.

Chilolezo chake chili patatu, ndipo anthu amasokoneza. Pali cholowa pamalopo, pali chokumba, pali chotenga zomwe wapeza. Sukulu ikhoza kukulolani kuyendetsa makina pamwamba pa kapinga koma kukana fosholo. M'malamulo a ku England, chinthu chokwiririka m'nthaka chomwe mwini wake sakudziwika nthawi zambiri chimakhala cha mwini malo, choncho kuchiika m'thumba popanda mgwirizano kukhoza kuonedwa ngati kuba. Zonse zitatu zilembedwe.

Pamwamba pa mwini malo pali lamulo la dziko loteteza zinthu zamakedzana, ndipo siginecha ya mphunzitsi wamkulu silifafaniza. Ku England, Ancient Monuments and Archaeological Areas Act ya 1979 imaletsa kugwiritsa ntchito makinawa pamalo otetezedwa popanda chilolezo cholembedwa cha Historic England, bungwe la boma loteteza malo amakedzana, ngakhale mwini malo atavomera. Sukulu zina zakale zinamangidwa pamwamba kapena pambali pa malo otere, ndiye muyambe mwaona mapu a National Heritage List for England, mndandanda wa malo otetezedwawo. Treasure Act ya 1996 imafuna kuti chomwe mukuganiza kuti ndi chuma chamakedzana muchinene kwa coroner, mkulu wa zamalamulo amene amagamula ngati chilidi chuma chotero, pasanathe masiku 14. Chitsanzo chake ndi chinthu chopitirira zaka 300 chokhala ndi golide kapena siliva wosachepera 10 peresenti. Ambiri amadzera kwa Finds Liaison Officer, wolemba zopezeka wa Portable Antiquities Scheme, ndondomeko yolemba zinthu zamakedzana zomwe anthu apeza, yomwe inayamba mu 1997. Ku Scotland lamulo ndi lina: chinthu chamakedzana chilichonse chiyenera kunenedwa, kaya ndi chagolide kaya ndi chamkuwa. Ku Ireland, kuyambira 1987, kufufuza zinthu zamakedzana ndi makina popanda laisensi ndi mlandu. Ku France lamulo la 1989 limafuna chilolezo cha prefect, mkulu woimira boma m'chigawo, ndipo ku Sweden chimachokera ku Länsstyrelsen, ofesi ya boma ya m'chigawo. Ku United States, Archaeological Resources Protection Act ya 1979 imateteza zinthu zopitirira zaka 100 pa nthaka ya boma lalikulu la federal ndi ya mitundu yoyamba kukhala m'dzikomo (Native Americans), pomwe sukulu wamba zimagwa pansi pa malamulo a state (chigawo chokhala ndi boma lake) ndi a mzinda. Mukaona kusiyana konseku mumvetsa chifukwa chake malangizo a pa intaneti akuti "kwathu timangolowa" sayenera kutsatidwa m'dziko lina.

Tsopano kalata. Ikhale ya tsamba limodzi, chifukwa woiwerenga ali ndi zambiri pa tebulo. Mulembe dzina lanu ndi nambala ya foni, masiku ndi maola omwe mukufuna, ndipo musankhe nthawi ya tchuthi kapena kumapeto kwa sabata pomwe kulibe ana. Nkhawa yaikulu ya sukulu ndi munthu wamkulu wachilendo pakati pa ana, ndipo nkhawayo ndi yomveka. Mukaichotsa nokha m'chiganizo choyamba, zina zonse zimapepuka. Mumatepo chithunzi cha mapu a Google Maps mutazungulira ndi cholembera gawo lomwe mukupempha. Musapemphe bwalo lonse. Kachigawo ka m'mphepete mwa mpanda, mamita 20 m'litali ndi 10 m'lifupi, nkosavuta kuvomereza ndipo nkokwana tsiku lathunthu kwa munthu woyendetsa koyilo mofatsa. Mutchule chida chokumbira ndi kuya komwe simudzapitirira. Mutchulenso zomwe zidzachitike ndi zopezeka: chokhala ndi dzina kapena chooneka kuti chatayika posachedwa chipita ku ofesi, chamakedzana chinenedwa motsatira lamulo, zinyalala mutuluka nazo. Ngati muli ndi inshuwalansi, phatikizani umboni wake. Ku Britain mamembala a National Council for Metal Detecting amakhala nayo kudzera mu umembala wawo, ndipo ofesi zambiri zimafunsa chimenechi zisanafunse china chilichonse. Pansi pa kalata pakhale malo osainira, dzina ndi udindo wa wosainayo, ndi tsiku lomwe chilolezo chidzathe. Kope imodzi mu foni, ina m'thumba la pulasitiki m'chikwama.

Akakana, athokozeni muchoke. Kukangana za ufulu wanu pa khomo la ofesi kumatseka chitseko kwa onse obwera pambuyo panu.

Akavomera, pemphani mphindi 10 ndi woyang'anira bwalo, akuonetseni momwe mwadutsa mapaipi othirira ndi mawaya. Mapaipi a pulasitiki makina sawamva, ndipo ena amayenda pafupi kwambiri ndi pamwamba, moti mpeni wokumbira umawaboola musanadziwe. Mitu ya zothirira ili ndi masipuling'i achitsulo omwe amalira bwino ngati ndalama. Mzere wa malilidwe ofanana otalikirana mofanana ndi chizindikiro cha paipi kapena waya, musakumbe. Pa kapinga wopanga musayandikire nkomwe, ndipo pakati pa bwalo losewerera mpira pasiyeni: dzenje lomwe latitimira pang'ono likwanira kubinya bondo la mwana.

Kakumbidwe ndi komwe kamasunga chilolezo kapena kuchitayitsa. Fosholo yaitali isiyeni kunyumba, chifukwa munthu wooneka ali nayo patali amaimbiridwa apolisi ngakhale ali ndi pepala. Chinthu chosapitirira masentimita 5 sichifuna dzenje: chipezeni ndi pinpointer, kachipangizo ka m'manja kolozera pomwe chitsulo chili, lowetsani kachitsulo kobuntha kunsonga pansi pake, chitukuleni, tsekani mng'aluwo ndi chala. Chakuya chimafuna kudula kapinga mbali zitatu ngati chilembo U, masentimita 12 mpaka 15 m'lifupi, mpeni utalowa choongoka masentimita 8 mpaka 10 kuti mizu ituluke ndi dothi lake. Mbali yachinayi isadulidwe, ikhale ngati hinji ya chitseko. Mukadula mozungulira ponse, kapena mopendeketsa mpeni, chidutswacho chimakhala chopyapyala, chimauma, ndipo makina otchetcha kapinga amachizula. Dothi lotuluka liikeni pa kansalu kuti lonse libwerere m'dzenje, apo ayi pamatsala banga lakuda pa udzu. Tsekani, pondani ndi chidendene m'mbali monse, pesani udzu ndi zala. Nthaka ikakhala youma gwa, musakumbe. Chodulidwa m'chilimwe chimachita chikasu pakatha masiku angapo, ndipo woyang'anira bwalo amawerenga mawangawo limodzilimodzi. Nthawi yabwino ndi tsiku limodzi kapena awiri mvula itagwa.

Zinyalala zichuluka kuposa china chilichonse. Timphete totsegulira zitini ndi zidutswa za aluminiyamu zosadzulidwa ndi makina otchetcha zimaonetsa pa makina manambala oyandikana ndi a mphete ya golide, choncho amene wakweza discrimination (sefa ya makina yosiya zitsulo zina) kuti asamve zinyalala wathamangitsanso golide. Pa bwalo la sukulu kukumba zinyalalazi kuli ndi phindu lina: thumba la misomali, zidutswa zakuthwa za zitini ndi mawaya, mukalitula pa tebulo la woyang'anira bwalo, limakulankhulirani pa ulendo wotsatira. Makina akamalira paokha pafupi ndi nyumba za makalasi, ndi mawaya amagetsi. Chitani noise cancel (kuchotsa phokoso la magetsi), tsitsani sensitivity (mphamvu ya kumva kwa makina) pang'ono, kapena sunthani mamita angapo. Hedifoni ikhale khutu limodzi kuti mumve wokuitanani.

Zinthu ziwiri zimaimitsa ntchito nthawi yomweyo. Chooneka ngati bomba kapena chipolopolo chachikulu chosaphulika musachigwire kapena kuchisuntha: ikani chizindikiro chapatali, chokanipo, imbani apolisi, kenako dziwitsani sukulu. Mafupa ooneka ngati a munthu chimodzimodzi.

Pa ndandanda yathu chatsala ndi ichi. Kalata ikasainidwa, ulendo woyamba ukhala wa maola awiri okha m'kachigawo ka m'mphepete mwa mpanda, maenje osapitirira 15, lililonse kulijambula lisanatsekedwe ndi litatsekedwa. Pakatha masabata awiri tibwererako opanda makina, kukayenda pamalopo ndi woyang'anira bwalo kuti aone yekha ngati angaloze pomwe panakumbidwa.