Mawu Amene Mwana Wolowerera Sanamalize

Usiku wathawu magetsi atathima, ndikuwerenga ndi tochi ya pafoni, mutu wa chisomo unanditsegukira. Mpaka pano mtima uli myaa.

Kusiyana kwa chifundo (kusalandira chilango chotiyenera) ndi chisomo (kulandira zabwino zosatiyenera) sindibwereza, anzanga a m'kalasi ya Baibulo, tonse tinaloweza. Inenso pamayeso ndinkalemba bwinobwino, koma mumtima ndinkaonabe chipulumutso ngati ganyu: ulime ndime yako, madzulo ulandire zako. Ndikasala kudya ndinkamva kuti Mulungu ali nane ngongole. Ndikajomba kumapemphero a m'mawa, ndinkaopa ngati wothawa ndime.

Ndiye ndinkakopera Luka 15, fanizo la mwana wolowerera, m'kope langa. Pa vesi 18 ndi 19 mnyamata uja, ali ku nkhumba, akukonza zokanena kwa atate ake: kuti wachimwa, kuti sayeneranso kutchedwa mwana, ndipo pomaliza, kuti amutenge ngati mmodzi wa antchito. Nditafika pa vesi 21 dzanja linafuna kulembanso zonse zitatu. Ndinayang'ana m'Baibulo, chachitatucho palibe! Asanapemphe ganyuyo, bambo aitana kale antchito kuti abweretse mwinjiro, mphete ndi nsapato. Mwanayo anabwera ndi njira yobwezera ngongole pang'onopang'ono, koma sanapatsidwe mpata woitchula n'komwe. Bambo amenewa anali atamuthamangira kale akadali patali, asanamve liwu limodzi. Ndinaika cholembera pansi n'kulira, chifukwa pempho losamalizidwalo ndi limene ndakhala ndikupemphera zaka zonsezi. Aroma 4:4, pamene Paulo akuti malipiro a wantchito sayesedwa mphatso koma mangawa, inangomveka yokha.

N'chifukwa chake ndimakakamira zokopera ndi dzanja. Maso amathamanga, amadumpha zimene akuganiza kuti akuzidziwa, koma dzanja silinama. Ndimatsegula Buku Lopatulika ndi Buku Loyera pamodzi, n'kulemba vesi ndi vesi. Kwa ine palibe njira ina yoposa imeneyi, ndipo ndikadakhala mphunzitsi, palibe akanalowa m'kalasi wopanda kope lodzaza.

Chimene chikundiwawa n'chakuti aphunzitsi athu anathera masabata awiri pa mkangano wa Augustine ndi Pelagius, aphunzitsi akale achikhristu amene anatsutsana pa za chisomo, kenako Martin Luther ndi kukonzanso mpingo kumene anayambitsa mu 1517, koma fanizoli anangolidutsa ngati nkhani ya ana a Sande sukulu. Nditakweza dzanja anati, "Amayi, nthawi yatha, tidzaona." Ndikudziwa kuti silabasi ndi yaitali. Nanenso ndimafika nditatopa, ndachokera kuntchito, ndaphika, ana agona. Komabe.

Tsopano chandigwira ndi Yakobo 2:17, chikhulupiriro chopanda ntchito n'chakufa. Ndikuganiza kuti mwana uja m'mawa mwake anapitabe kumunda, koma ngati mwana wapakhomo, osati waganyu. Kaya ndikulondola? Nanga mkulu wake, amene anakana kulowa m'nyumba? Luka sanatiuze ngati analowa. Ndipo pena ndimaona kuti ine ndafanana kwambiri ndi iyeyo kuposa wamng'onoyo.