Zimene ndinawerenga pansi pa fakitale ya thonje

Teremu ino pa kosi yathu ya zomangamanga tinapatsidwa ntchito yoti aliyense apeze nyumba yakale, ayiyeze, ajambule pulani yake, kenako alembe chimene chikuyiwononga. Anzanga ambiri anathamangira ku matchalitchi ndi ku nyumba za boma, poti kumeneko kuli mthunzi ndiponso mpando. Ine ndinasankha fakitale yochotsa njere ku thonje imene inasiya kugwira ntchito kalekale, chakufupi ndi njanji konkuno ku Salima.

Pa YouTube pali anthu a ku Ulaya ndi ku America amene amayendera malo otere ngati masewera. Amalowa m'mafakitale akufa, monga aja a magalimoto ku Detroit, kamera ili m'manja, nthawi zambiri mozembera, ndipo lamulo lawo n'lakuti osatenga kanthu, osaphwanya kanthu. Zithunzi zake n'zokongola ndithu, koma ndikaonera ndimatsala ndi njala. Amakuonetsa dzimbiri ndi mawindo osweka, osakuuza kuti m'chipindamo munkachitika chiyani. Komanso zolumpha mpandazo kuno musayerekeze. Nyumba ingagwe denga chotani, mwini wake alipo, mlonda alipo, ndipo munthu akangokuwa kuti "wakuba!" simupeza mpata wofotokoza kuti ndinu mwana wasukulu. Ine ndinapita ndi kalata ya ku koleji, ndipo mlonda anayamba wayimbira mabwana ake asananditsegulire geti.

Mlondayo ndi bambo wachikulire amene ankagwira ntchito momwemo ali mnyamata. Atandiona ndikutambasula tepi pakhoma anaseka.

"Mwana wanga, mukuyambira kolakwika. Yambani pamene thonje linkalowera."

Ananditengera ku geti, n'kupalasa dothi ndi phazi mpaka m'mphepete mwa dzenje la konkire munaoneka. Apo panali sikelo yoyezera lole yathunthu. Kuchokera pamenepo tinayenda ulendo wa thonje lenilenilo: ku shedi yosungira thonje la njere, ku holo ya makina, kumene ankapanikizira mabelo, mpaka ku khonde lalitali loyang'ana njanji. Pulani imene inkandizunguza mutu inayamba kumveka yokha. Amene anamanga sanayike khomo pena paliponse chifukwa chokongoletsa. Khomo lililonse linali pamene katundu ankafunika kudutsa.

M'holo ya makina mulibe makina ngakhale amodzi. Anazulidwa, ena kugulitsidwa, ena anapita kwa ogula zitsulo zakutha. Chotsala ndi nsanja za konkire zofika m'mawondo, zondondozana mumzere, iliyonse ndi mabawuti anayi otuluka m'mwamba, ena odulidwa ndi sowo, ena opindika. Apa ndi pamene ndinakhalitsa. Mukayeza kutalikirana kwa mabawuti mudziwa kukula kwa makina amene anakhalapo. Mukaona kunenepa kwa nsanja mudziwa kuti ankanjenjemera motani, chifukwa nsanja yotere imamangidwa yolemera dala, ndipo imalekanitsidwa ndi pansi ponse ndi kampata kuti kunjenjemerako kusang'ambe simenti ya nyumba yonse. Kampatako m'buku ndinkangokaona ngati mzere wa pensulo. Apa ndinalowetsamo chala, muli dothi ndi timbewu ta udzu. Pakati pa holoyo padutsa ngalande yaitali imene bambo aja anati munkayenda chitsulo chozungulira, chopereka mphamvu ku makina onse kudzera m'malamba. Pakhoma pakadali mzere wakuda wa girizi amene lamba ankamwaza.

Makina amtunduwu ali ndi masowo ambiri ozungulira amene amakoka ulusi kudutsa m'timipata topapatiza, njere n'kutsalira. Pa thonje limene mlimi wabweretsa, ulusi umangokhala gawo limodzi mwa magawo atatu kapena kupitirirako pang'ono. Kwinako kwambiri ndi njere, zimene amayengera mafuta ndi kupangira chakudya cha ziweto. N'chifukwa chake shedi yosungira njere zotsalazo ndi yaikulu kwambiri, chinthu chimene ndikanachilemba ngati kulakwitsa kwa womanga ndikanakhala ndekha.

Nanga bwanji mashedi anatalikirana chotere, malo n'kumangowonongeka pakati? Yankho lake ndi moto. Kamwala kapena kamsomali kakalowa ndi thonje n'kugunda sowo, kamatulutsa nthethe, ndipo moto ukhoza kubisala m'kati mwa belo masiku angapo ukunyeka mwakachetechete. "Belo lokayikitsa tinkaligoneka panja palokha," anatero bambowo, akuloza bwalo limene pano anthu ayanikapo mphale. Khoma lolekanitsa holo ndi kosungira mabelo ndi lonenepa kuposa ena onse ndipo linabowoleza denga n'kutulukira pamwamba, kuti moto usadumphe kudzera ku mitengo ya denga.

Khonde la ku njanji linakwezedwa kuti lifanane ndi pansi pa bogi, belo lizingogubuduzika. Kanjanji kopatukira pamenepo kanakwiririka, koma tinafukula pang'ono ndipo ndinayeza pakati pa zitsulo ziwirizo. Tepi inaonetsa pafupifupi mamilimita 1,067, muyeso wa njanji zonse za m'Malawi muno. Kanthu kakang'ono, koma kanandikondweretsa tsiku lonse.

Njanjiyo ndiyo inaika fakitale pamalo amenewa. Inafika ku Salima mu 1935 kuchokera ku Blantyre, kudzera ku Balaka ndi ku Chipoka, chaka chomwecho chimene mlatho wa pa Zambezi unatsegulidwa, moti belo lokwezedwa kuno linkatha kukafika ku doko la Beira. Kwa zaka zoposa 40 sitima inkathera pompano, mpaka njanji ya ku Lilongwe itatsegulidwa mu 1979. Kenako nkhondo ya ku Mozambique inadula njira za ku Beira ndi ku Nacala m'zaka za m'ma 1980, katundu n'kusamukira pa malole. Onjezanipo kumasulidwa kwa misika ya mbewu, kumene kunachotsa ADMARC pa mpando wogula yokha, mitengo ya thonje yokwera ndi kutsika, ndi kaunjika amene anafooketsa nsalu zopangidwa konkuno. Pa lipoti ndinalemba kuti fakitale yomangidwa moyang'ana njanji imavutika katundu akayamba kulowera ku msewu, ndipo aphunzitsi analemba m'mbali ndi bolopeni yofiira kuti chimenecho ndi chifukwa chimodzi chabe mwa zambiri. Sindikutsutsa.

Gawo la zowononga ndi limene lili ndi malikisi ambiri, koma nkhani yake ndi yaifupi: madzi. Lata limodzi likachoka, kaya ndi mwera kaya ndi manja a munthu, mvula imanyowetsa mitengo ya denga, chiswe n'kubwera kudzamaliza. Madzi akalowa m'konkire, chitsulo cha m'kati chimachita dzimbiri, dzimbirilo limatupa n'kusuntha konkire mpaka kugamuka. Pamwamba pa khomo lalikulu zitsulo zili pamtunda ngati nthiti za ng'ombe ya m'chilala. M'munsi mwa makoma njerwa zikufumbutuka kufika m'chiuno, chifukwa chinyontho chimakwera kuchokera m'nthaka, chikauma n'kusiya mchere woyera umene umadya njerwa. Pakona ina kachere anamera pamwamba pa khoma, mbalame zitasiyapo njere, ndipo mizu yake yatsika m'mng'alu n'kuukulitsa moti dzanja limalowa.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti makoma akale kwambiri ndi amene ali bwino. Anayalidwa mzere wina njerwa zopingasa, mzere wina zotalika, mosinthanasinthana mpaka pamwamba, ndipo ndinayesa ndi chingwe, ali chilili. Chipinda chimene anawonjezera pambuyo pake, cha njerwa imodzi yogoneka m'litali, chinalekana ndi khoma lakale chifukwa sanachilumikize, anangochigundika. Ife amene tikuphunzira lero, amene timauzidwa pa saiti kuti thumba limodzi la simenti likwanire mawilibala osawerengeka a mchenga, tikanayenera kumabwera kudzaima pamalo amenewa tisanalandire satifiketi.

Amene mungafune kukaona malo otere, valani nsapato zolimba, chifukwa misomali ili paliponse, ndipo maenje a makina amabisika ndi udzu. Musakwere denga. Mukaona denga lotuwa looneka ngati simenti, lingakhale la asbestos: musaliswe kapena kulipala, fumbi lake limakhala m'mapapo n'kudzadwalitsa patapita zaka zambiri. M'chipinda cha mileme musalowe opanda chotseka pamphuno, ndowe zake zouma zimatha kuyambitsa matenda a m'chifuwa. Ine m'chipinda cha injini sindinalowemo n'komwe, njuchi zinakhazikikamo, ndipo pa pulani ndinangochijambula ndi mizere yodukaduka.

Funso lomaliza pa pepala linali lakuti nyumbayo igwetsedwe kapena ikonzedwe. Ndinayankha kuti holo ya makina yapita, koma shedi ya mabelo ikungofuna denga latsopano, ngalande zochotsa madzi m'mbali ndi kudula kachere uja, basi ikhoza kusunga mpunga wa ku Lifuwu kapena chimanga. Mnzanga wina m'kalasi akuti ndikulota, njerwazo zingogulitsidwa. Aphunzitsi sanaweruze. Andibwezera pepala kuti ndiwerengere mtengo wa malata, mitengo ndi misomali pa shedi yonseyo, pamitengo ya lero ya m'mahadiweya a pa Kamuzu Road, ndipo akulifuna Lolemba.