Tsiku lomwe malole a mitengo adzaza mu Salem

Lachinayi, 27 Juni 2019

Ndaweruka m'mawa nditagwira ntchito usiku wonse, koma kunyumba ndafika dzuwa lili pamutu. Misewu yozungulira nyumba ya malamulo ya chigawo cha Oregon, mumzinda wa Salem kuno ku America, inali itadzaza malole onyamula mitengo, mathirakitala a alimi ndi magalimoto amatayala aataliatali, onse akuliza mahutala osapumira. Ndinaimika galimoto yanga kutali n'kupita wapansi kukaona ndi maso anga.

Anthuwa akudzitcha Timber Unity. Gulu lawo labadwa mwezi womwe uno pa Facebook, ndipo ambiri ndi odula mitengo, madalaivala ndi alimi a kumidzi. Chawadzutsa ndi bilu ya HB 2020, yobweretsa cap and trade. Boma limaika malire a mpweya wotenthetsa dziko womwe ungatuluke pachaka, malirewo n'kumatsika chaka ndi chaka. Makampani akuluakulu, kuphatikizapo obweretsa mafuta, amagula ziphaso, chiphaso chimodzi pa tani imodzi ya mpweya, ndipo amene wachepetsa utsi wake amagulitsa zotsala kwa mnzake. Olemba biluyi akufuna kuti pofika 2050 mpweyawo utsike ndi 80 peresenti poyerekeza ndi 1990. California idayamba kale mu 2013.

Ine lamulo lotere ndimalifuna, ndisabise. Mu Malichi ndinkagona foni ili m'manja kudikira uthenga wa abale ku Chikwawa pomwe madzi a Idai ankakokolola nyumba ndi minda. Utsi wa maiko olemera umatipha ife amene sitinautulutse.

Koma ndinacheza ndi bambo wina wachikulire amene anakhala pa sitepe ya lole yake akumwa khofi. Zikhatho zake zinali zong'aluka, utuchi uli m'makwinya a malaya, chala chimodzi chodukira pakati. Loleyo ndi yawo, anandiuza, koma ngongole kubanki sinathe, ndipo ndalama zambiri zomwe amapeza zimathera pa dizilo. Kampani ya mafuta ikagula ziphaso siitaya kanthu, imangokweza mtengo pa pampu. Munthu wa mumzinda waukulu wa Portland akhoza kusiya galimoto n'kukwera sitima kapena njinga. Nanga iwo? Lole yamagetsi yotsika phiri itasenza mitengo sanaionepo. Ine zimenezi sizinafune kundimasulira. Kwathu mafuta akakwera usiku, m'mawa minibasi yakwera, ndipo wolira woyamba ndi mayi wopita ndi tomato kumsika.

Kenako anakamba za 1990, chaka chomwe boma la America linaika kadzidzi wina wa m'nkhalango za kuno pa mndandanda wa zamoyo zoyenera kutetezedwa. Kudula mitengo m'nkhalango za boma kunatsika kwambiri, mafakitale ocheka matabwa ambiri anatsekedwa, matauni ena anangotsala sukulu ndi tchalitchi. Ponena zimenezi mawu awo anatsika. Bala lija silinapole, ndipo akamva anthu a mumzinda akulonjeza ntchito zatsopano, iwo amakumbukira malonjezo akale. Sanatsutse ngakhale kamodzi kuti nyengo ikusintha. Moto wa m'nkhalango amauona chilimwe chilichonse, utsi wake amaupuma kuposa ife.

Apa m'pamene mtima wanga wakhala tsiku lonse. Olemba biluyi anaganizira mafakitale, ena anawalonjeza ziphaso zaulere kuti asathawire kwina. Koma munthu wa lole imodzi sanamve kuti wina wakhala naye pansi. Pempho lomwe ndalimva kwambiri lero ndi loti nkhaniyi ipite kwa anthu akavotere okha, ndipo ine ndikuliona kuti n'loyenera.

Zomwe achita maseneta a chipani cha Republican zokha sindikuziyamikira, ngakhale khamu la lero limawaombera m'manja. Maseneta 11 anachoka pa 20 Juni kuti Senate, limodzi mwa magawo awiri a nyumba ya malamulo, isakwanitse chiwerengero chovotera biluyi. Mipando ilipo 30, pamafunika anthu 20 kuti zokambirana zichitike, ndipo a chipani cha Democrat alipo 18. Bwanamkubwa Kate Brown anatuma apolisi kukawafuna, ena n'kuolokera ku chigawo choyandikana cha Idaho komwe apolisi a Oregon alibe mphamvu. Akuluakulu a Senate ati awalipiritsa madola 500 patsiku. Munthu amene anasankhidwa kuti akalankhule m'nyumba ya malamulo ayenera kukhalamo, ngakhale akudziwa kuti agonja.

Lachiwiri mkulu wa Senate, Peter Courtney, ananena kuti biluyi ilibe mavoti okwanira ngakhale pakati pa a Democrat. Achinyamata omenyera nyengo analira misozi. A malole sanakhulupirire, n'chifukwa chake abwerabe lero.

Nyumba ya malamulo iyenera kutseka Lamulungu pakati pa usiku, ndipo mabilu oposa 100 akudikira, ena ndi a bajeti za nthambi za boma. Mpaka madzulo ano maseneta aja sanabwerere. Ndikalowanso ntchito 10 koloko usiku.