Nyali za usipa pamchenga wa ku Senga Bay

Tinafika ku Senga Bay Lolemba masana pa kalole kodzaza nsungwi, mphasa 30 zogula ku Salima, batire limodzi la sola, ndi pulani yanga ya papepala yomwe ndinkainyadira kwambiri. Okonza chikondwerero cha nyimbo anatipatsa kamalo ka mamita 6 m'litali ndi 4 m'lifupi koti timangepo kachisakasa kachionetsero, chapafupi ndi nsanja ya oimba, n'kutiuza kuti pofika Lachisanu madzulo zonse zikhale zitatha.

Ndinkafuna kuti munthu akalowa m'kachisakasa kathu amve ngati ali pakati pa nyanja usiku, asodzi akukola usipa. Amene anagonapo kunyanja akuudziwa mzere wa nyali umene umaoneka patali mdima ukagwa. Akuti ndi nyali zimenezi zomwe zinachititsa David Livingstone, yemwe anafika panyanjayi mu 1859, kuitcha nyanja ya nyenyezi. Alendo amaziona ali kumtunda, botolo lili m'manja. Ine ndinkafuna azione ali pansi pake, mmene usipa umazionera.

Lachiwiri tinazika nsungwi, n'kumanga mphasa kuzungulira mothinana kuti kuwala kwa panja kusalowe. Zinakongola. Ndinajambula zithunzi, ndinatumiza pa WhatsApp, ndinagona tulo tabwino. Usiku womwewo mwera unadzuka. M'mawa tinapeza khoma lonse lili gone pamchenga, mphasa ziwiri zikuyandama m'madzi.

Ndili chiimire, manja ali m'chiuno, panabwera mkulu wina amene ankasoka ukonde pansi pa mtengo chapafupi. Anayang'ana kwa nthawi ndithu.

"Achemwali, inu munamanga thanga la ngalawa, osati nyumba."

"Nanga tipange bwanji, bambo?"

Sanayankhe, anangopempha khasu. Anakumba dzenje lofika m'chiuno, anagonekamo chipika chopingasa, anachimanga ndi linya n'kukwirira, nsonga ya linyayo n'kuimangirira pamwamba pa nsanamira. Mumchenga, mtengo woimika chilili umazuka ngati dzino logwedera, koma chipika chogoneka ngakhale anyamata atatu sachikoka. Anatiuzanso tisiye mipata ya chikhatho pakati pa mphasa kuti mphepo izidutsa, ndipo khomo lisayang'ane kummwera. Papulani panga zonsezi panalibe, ngakhale ndinakhala nayo milungu itatu pa kompyuta.

Ndi mkulu yemweyu amene anatibwereka chilimira, ukonde wokolera usipa, chakale chong'ambika kuti chikhale denga. Chinkanunkha nsomba koopsa. Ndinatuma mnyamata wanga kukagula sopo, koma mkuluyo anaseka nati, "Mukufuna nyanja yosanunkha nsomba?" Sopoyo tinasambira tokha.

Lachinayi linathera pa mawaya. Mababu 40 a LED, lililonse la wati imodzi, pa batire la 12V amakoka ma amp atatu ndi pang'ono, ndiye batire la 100Ah limatha kuwanyamula usiku wonse osalipha, bola masana lidye dzuwa. Amayi anayi a m'mudzimo anatidulira tinsomba kuchokera ku zitini za zakumwa, n'kupinda m'mbali kuti tisacheke ana, ife n'kumatipachika paulusi pansi pa ukonde. Mbandakucha ndinapita padoko ndi foni kukajambula mawu: nkhafi zikugunda bwato, alovi (anyamata okoka ukonde) akukalipirana, amayi ogula nsomba akunenerera mtengo wa chigoba.

Mawu amenewa ndi amene anandisowetsa mtendere Lachisanu. Oimba atayamba kuyesa zida, kasipika kathu kanangomira, osamveka n'komwe. Kukweza sikunathandize. Pamapeto tinakaika m'mtsuko, mtsukowo n'kuukwirira mumchenga mpaka m'khosi, ndipo tinayala mphasa zotsala pansi. Wofuna kumva anayenera kugona chagada, mutu pafupi ndi mtsuko. Ndinkaopa kuti anthu ovala bwino akana. Ayi ndithu, anavula nsapato, anagona, ndipo atagona m'pamene anaona nyali zikugwedezeka kuseri kwa ukonde, tinsomba tikunyezimira pamwamba pa nkhope zawo, fungo lija lili tho! Mayi wina wa ku Lilongwe anakhalamo mpaka mwamuna wake anachita kudzamukoka. Ana a m'mudzi, omwe tinagwirizana ndi apachipata kuti azilowa masana, ankalozerana kansomba kamene anadula mayi awo.

Mkulu uja anabwera Loweruka usiku atavala jekete. Anagona pamphasa, chipewa chili pachifuwa, kwa mphindi zingapo. Potuluka ndinamufunsa mmene waonera.

"Siginala wanu ndi waulesi. Nyali zomwazika chonchi usipa sungasonkhane." Siginala ndi msodzi amene amayang'anira nyali pabwato kuti usipa usonkhane.

Lamulungu m'mawa tikuphwasula, anabwera ndi adzukulu ake awiri kudzatenga chilimira chake. Ndalama yomwe ndinamukonzera mu envulopu anaikana. Anapempha mababu khumi, ndi waya wake womwe.