Miyezi ya chisanu pakhomo pathu ku Kasungu

Chisanu cha kuno ku Kasungu chimayamba kumveka kumapeto kwa Meyi, ndipo pofika mu Juni ndi Julayi chimakhala chitasintha dongosolo lonse la pakhomo. Masana dzuwa limawala bwinobwino, koma m'bandakucha kuzizira kumalowa mpaka m'mafupa, makamaka kwa ife okhala m'nyumba za malata zopanda siling'i. Ntchito yaikulu imakhala kudzutsa ana a sukulu, popeza teremu yachitatu imakhala ili mkati. Madzi osamba ndimawatereka kusanayere, koma wamng'ono wathu amangonyowetsa kumaso ndi miyendo, kenaka n'kutuluka m'bafa akunena molimba mtima kuti, "Amayi, ndasamba." Khungu limatuwa, milomo ndi zidendene zimang'aluka, moti botolo la Vaseline silikhalitsa. Majuzi ndi masokosi timagula pa kaunjika, ndipo wochenjera amagula mu Epulo, ogulitsa asanaone anthu akunjenjemera n'kukweza mitengo.

Ngakhale zili choncho, ine nyengoyi sindiidandaula, chifukwa ndi nthawi imene ana amadya n'kukhuta popanda kulimbirana mbale. Chimanga chimakhala chili m'nkhokwe, mtedza wakumbidwa, mbatata ndi maungu zili mbwee, ndipo amene analima fodya amakhala ayamba kulandira ndalama zochokera ku okushoni ya ku Chinkhoma. M'mawa ana amamwa phala la mgaiwa lothira nsinjiro, kapena amadya futali ndi tiyi. Anyamata akaweruka amathamangira m'minda yokololedwa kukakumba mbewa, ndipo ndimawalola malinga asayatse tchire.

Madzulo tonse timasonkhana kukhitchini, osati chifukwa chakuti wina watiitana, koma chifukwa moto uli kumeneko. Manja amakhala akutong'ola chimanga kapena kuswa mtedza, zitsononkho zikuponyedwa pamoto, mbatata zikupsa m'phulusa. Agogo awo a anawa akangoti "Padangokhala", ngakhale wamkulu amene masiku ano maso ake sachoka pa foni ya bambo ake amayankha kuti "Tili tonse". M'miyezi yotentha zimenezi sizichitika, chifukwa aliyense amakhala kwayekha kufunafuna kamphepo.

Moto womwewo ndi umene umandidetsa nkhawa. Pakhomo pano lamulo ndi lakuti mbaula silowa kuchipinda chogona, kaya kuzizire chotani. Makala akamayaka m'chipinda chotseka zitseko ndi mazenera amatulutsa mpweya wapoizoni umene suoneka ndiponso sununkha. Munthu amangomva mutu ndi chizungulire, n'kugona tulo tosadzukanso. Mwana wokwawa sitimusiya yekha pafupi ndi mafuwa, ndipo wina akapsa timathira madzi ozizira pabalapo kwa nthawi yaitali, osati mankhwala otsukira mano kapena dzira monga ena amachitira. Chimfine chokha sichitiopsa, koma mwana akayamba kupuma mofulumira, pansi pa nthiti pakulowa mkati, timathamangira naye kuchipatala chifukwa chikhoza kukhala chibayo.

Tchuthi chachikulu cha nyengoyi ndi cha pa 6 Julayi, tsiku limene dziko lathu linalandira ufulu wodzilamulira m'chaka cha 1964, n'kudzakhala lipabuliki pa tsiku lomwelo mu 1966. Kwa ana a kuno mbiriyi siili kutali, popeza Dr Hastings Kamuzu Banda kwawo kunali kuno, ndipo nyumba yawo ya Nguruyanawambe ili m'mphepete mwa phiri la Kasungu limene anawa amaliona tsiku ndi tsiku. Kunena zoona, chimene iwo amayembekezera kwambiri ndi kugona mpaka dzuwa litakwera, kenaka mpunga, nkhuku yachikuda ndi Sobo. Bambo awo amatchera khutu ku wailesi kumvera mwambo wa boma ndi mpira, pamene agogo amafotokozera adzukulu za nyimbo ndi magule a amayi a masiku amenewo, ndipo amanena zokoma ndi zowawa zomwe.

Sukulu zikatsekera timawatumiza anawa kumudzi, kumene imakhala nthawi ya maukwati, ziliza ndi gule wamkulu. Aliyense amanyamula bulangeti lakelake, chifukwa kumeneko ana amagona ambiri pamphasa imodzi, ndipo wogona kumapeto ndi amene amadzuka atalandidwa chofunda.