Zikomo nonse, mlongo wanga watuluka m'chipatala

Abale, tafika ku Chipata. Mlongo wanga ali kunyumba, miyendo yaphwa, mimba yaphwa, ndipo dzulo wadya nsima yekha. Ambuye Mulungu alemekezeke. Ndatopa kwambiri moti manja akunjenjemera, koma sindigona ndisanathokoze.

Mukudziwa kale kuti anabadwa ndi mtima wopopa mbali imodzi yokha, ndipo ali mwana anamuchita opaleshoni ya Fontan, yolumikiza mitsempha yobweretsa magazi kuchokera m'thupi molunjika kumapapo. Ulendo uno chomwe chinamugwetsa ndi matumbo. Adokotala ku Lusaka anatifotokozera kuti munthu wa Fontan, magazi ochokera m'thupi amapita kumapapo popanda chowakankha, choncho amadzadzana m'chiwindi ndi m'matumbo. Matumbo akatupa amayamba kutaya puloteni, madzi n'kudzaza m'miyendo ndi m'mimba. Ndiye kutupa kuja, kumene ena munkanong'onezana kuti ndi zaufiti.

Azakhali athu, ine ndikuthokozeni bwanji? Munasiya benchi lanu la masamba ku msika wa Kapata, malo amene mumadyerapo, n'kukwera basi ya mbandakucha ulendo wautali uja wodutsa pa mlatho wa Luangwa. Munkagona pansi pa chitenje. Ine ndikamalira panja, inu munali mkati kufunsa adokotala mafunso, mpaka anakhala pansi n'kutiuza za tizilombo ta m'matumbo. Anati aliyense ali nato tambirimbiri, ndipo si tonse toipa. Tikadya nyemba, masamba ndi nsima ya mgaiwa, tizilomboti timagaya zimene thupi silingagaye palokha n'kupanga butyrate, chakudya cha khungu la mkati mwa matumbo. Koma kuchokera ku nyama yofiira ndi chikasu cha dzira timapanga china chimene chiwindi chimachisandutsa TMAO, ndipo ofufuza apeza kuti anthu amene ali ndi TMAO yambiri m'magazi amavutika kawirikawiri ndi matenda a mtima. Anatinso matumbo otupa amatha kulowetsa poizoni wa tizilomboti m'magazi, mtima wofooka kale n'kulemedwanso.

Azakhali sanapite patali ndi sukulu, koma anamva zonsezi kuposa ine. Anafunsa funso limene ine sindinaliganize: ngati mwana akutaya puloteni, tichotsa bwanji nyama? Adokotala anati puloteni ikufunika yambiri, chochepetsa ndi mafuta ndi mchere, ndipo mankhwala asasiye ngakhale tsiku limodzi poganiza kuti chakudya chalowa m'malo mwake. Kuyambira pamenepo mphika unali wa azakhali. Nyemba, soya, nkhuku yochotsa khungu, chibwabwa, bondwe, ndiwo zopanda mchere zimene mlongo wanga ankazikankha. Iwo osatopa, kumunyengerera ngati khanda, bambo wandevu zake.

Zikomo anamwino a ku Chipata Central amene munatilandira usiku uja n'kufulumizitsa kalata yopita ku Lusaka. Zikomo amayi a Chigwirizano chifukwa cha mapemphero ndi chopereka cha mayendedwe. Anzake a kuntchito, mlamu wanga amene unasunga ana, aneba amene munkasesa pakhomo pathu, Mulungu akubwezereni pamene mwachotsa.

Amene foni zanu zinasiya kulira tsiku limene tinatchula ndalama za basi, ndakuonani. Sindikusungirani chakukhosi, koma zinandipweteka, makamaka inu a magazi amodzi.

Matendawa sanathe, mtima wa Fontan ndi woyang'anira moyo wonse, ndipo tidzabwereranso ku Lusaka kukapimitsa. Mupitirize kutipempherera. Obwera kudzamuona bwerani, koma tchipisi, soseji ndi kapenta wamchere musiye kwanu.

Azakhali, katundu wanu wa pamsika anaola inu muli ndi ife, makasitomala anapita kwa ena, ndipo simunadandaule. Ambuye akupatseni masiku ambiri ndi mawondo olimba. Inu a m'Chipata amene mumawadziwa, Lolemba abwerera pa benchi lawo. Chonde mukagule masamba kwa iwo.